Kabowo Kachitatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene mvula inakana tikudya chimanga chachikasu cha thandizo, pamene ndinamangitsa munthu amene sanandilakwirepo. Amene anandilakwira anali mwana wa mlongo wake, mnyamata wa m'kalasi mwanga dzina lake Twaibu. Nkhani yonse inayambira pa pepala lokulungira nsomba.

Tinkakhala ku Liwonde, kufupi ndi mlatho. Mayi ankagulitsa milamba yowamba ndi matemba m'mbali mwa msewu pamene mabasi ankaima, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ntchito yanga inali yong'amba mapepala okulungira. Mapepalawo ankabwera mumtolo kuchokera kwa wamalonda wina wa ku Balaka. Munkakhala manyuzipepala akale, makope otha, ndipo nthawi zina magazini a ku Joni, ena atapakidwa inki yakuda pamene akuluakulu sanafune kuti tione miyendo ya akazi. Ndinkawerenga chilichonse ndisanang'ambe. Mayi ankadandaula kuti ndimachedwetsa malonda.

Tsiku lina mu Meyi ndinapeza tsamba lonyezimira. Panali chithunzi cha kabokosi kakuda, kukula kwake ngati Baibulo la pa guwa, zogwirira ziwiri zokhala ndi mabatani, ndi sikirini yoonetsa galimoto ziwiri zikupikisana. Chingerezi changa cha Sitandade 6 chinandikwanira kumva zinthu zitatu. Makinawo anali a magemu, ankalumikizidwa ku sikirini, ndipo anali asanafike m'masitolo. M'munsi munali chithunzi chaching'ono choonetsa kumbuyo kwa kabokosiko. Kunali timabowo titatu, kalikonse ndi mawu ake. Koyamba kanali ka magetsi. Kachiwiri kanali ka sikirini. Mawu a kachitatu anali pa ngodya imene ndinali nditang'amba kale, ndipo ngodyayo inali itakwera basi ya ku Ntaja itakulunga milamba iwiri.

Owerenga achinyamata adziwe kuti nthawi imeneyo dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Sikirini yokha imene mwana wa ku Liwonde akanaifikira inali m'holo ya vidiyo ya Che Amidu, kuseri kwa msika, nyumba ya malata akale yotchingidwa ndi mphasa m'mazenera. Che Amidu anali bambo ake a Twaibu. Choncho nditaonetsa pepalalo kusukulu, Twaibu anandikoka dzanja mpaka kuholoko.

Tinawapeza bambo akewo akumwa tiyi ndi mlamu wawo, Che Rajabu, malume ake a Twaibu, amene iye ankawatcha mjomba. Che Rajabu ankayendetsa lole ya kampani ina yopita ku Joni kudzera ku Mwanza. Anali munthu wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Anagwira pepalalo patali ndi maso, n'kundibwezera.

"Werenga iwe, mwanangu. Ife Chingerezi chathu ndi cha pa boda, chimathera pa pasipoti."

Ndinawerenga, n'kumasulira. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Alamu," anatero kwa Che Amidu, "kakatuluka kameneka ndibwera nako. Muike m'holomu masana, anawa asiye kusambira ndi ng'ona." Kenako anandipatsa pepala lija ndi manja awiri, monga amachitira popatsa munthu wamkulu chinthu. "Sunga bwino. Iwe ndiye kalaliki wathu."

Tinadikira miyezi isanu. Madzulo aliwonse tikaweruka tinkasonkhana pansi pa mtengo wa masau pambali pa holo, anyamata khumi, nthawi zina khumi ndi asanu, kukangana za chinthu chimene palibe mmodzi wa ife anachionapo. Sitefano, mnzanga wa kutchalitchi, ankati galimoto za m'sikirinizo zimafuna petulo weniweni. Wina ankati ukaluza katatu chogwiriracho chimakumenya ndi magetsi kuti upereke mpata kwa mnzako. Wina analumbira kuti makinawo amasunga nkhope ya munthu wobera. Tinapanga zogwirira za makatoni a sopo, zitsekerero za mabotolo zikhale mabatani, ndipo tinkaphunzitsa zala zathu mpaka kuchita matuza. Twaibu analemba ndi khala pa khoma la holo mzere wa amene adzayambe kusewera. Woyamba anali iye. Wachiwiri ndinali ine Bene, mwini pepala.

Che Rajabu atabwera mu Juni anati a m'masitolo a ku Joni anangomuuza kuti adikire. Mu Ogasiti anati chithunzi chija anachiona chitamatidwa pa zenera la sitolo, chachikulu ngati chitseko, ndipo anthu akulembetsa maina. Mauthenga awiri amenewa anatikwanira kukanganirapo mwezi wathunthu.

Koma mkangano waukulu unali wa kabowo kachitatu. Panali magulu atatu. Ena ankati n'koponyamo ndalama. Ena, ana a matelala, ankati n'kothiramo mafuta monga pa makina osokera. Twaibu ankati n'kolowetsamo waya wa foni, kuti munthu uli ku Liwonde uzisewera ndi mnyamata wa ku Joni, uku mukulankhulana.

"Mpaka ku Ulaya," ankatero. "Ukangodina batani, mzungu akuti halo."

Ang'onoang'ono onse anali kumbali yake, chifukwa maganizo akewo anali okoma kuposa ena onse, komanso chifukwa khala linali m'manja mwake.

Ine sindinkakonda zongoganizira. Ndinapita kusiteshoni ya sitima, ndinapempha kalaliki wina amene ankagula nsomba kwa mayi kuti andionetse kumbuyo kwa foni. Waya wake unali wonenepa, womangidwa ndi zomangira zachitsulo. Ndinayeza ndi kaudzu. Kabowo ka pa chithunzi kanali kakang'ono, kozungulira, kofanana ndi ka pa wailesi yaing'ono kamene munthu amalowetsamo zomvera za m'makutu. Tsiku lotsatira ndinaimirira pansi pa masau paja, kaudzu m'dzanja ili, pepala m'dzanja ilo, ndipo ndinafotokoza zonse mwadongosolo. Anyamata anayamba kugwedeza mitu. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinawonjezera mfundo ina yoona imene sinkafunika, yakuti munthu amene akubwereza Sitandade 6 asamaphunzitse anzake za mawu a Chingerezi. Anaseka onse.

Twaibu sanakwiye pankhope. Anatambasula dzanja.

"Tabwera nalo ndionenso."

Ndinampatsa. Sanaliyang'ane n'komwe. Analiika pamphuno, ananunkhiza nthawi yaitali, n'kutseka maso.

"Amangwetu, ili si fungo la ku Joni. Ili ndi fungo la amake Bene."

Analiyendetsa pagulu lonse, aliyense anunkhize. Ndipo aliyense ananunkhiza, n'kugwira mphuno, n'kudzigwetsa pansi ngati wakomoka. Sitefano yekha anangolipatsira kutsogolo, maso ali pansi. Litabwerera kwa Twaibu, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

"Pepala ndi la makina, makina ndi athu. Iwe pita ukawambe."

Anafufuta dzina langa pakhoma ndi malovu, ndipo pansi penipeni pa mzere, kumunsi kwa ana a Sitandade 2, anajambula nsomba ya ndevu. Kuyambira tsiku limenelo ndinali Kamlamba. Dzinalo linafika kusukulu, linafika kumpira, ndipo tsiku lina mphunzitsi wa masamu analitchula mosazindikira, kalasi n'kuombera m'manja. Zimenezo ndikanapirira. Chimene sindinapirire chinachitika Loweruka lina, pamene anyamata asanu ndi awiri anadutsa pa benchi ya mayi mondondozana, Twaibu patsogolo, aliyense atagwira mphuno. Mayi anawatsata ndi maso mpaka anakhota.

"Anzakowa adwala chimfine onse?" anandifunsa, akutembenuza mlamba pa waya. "Auze amwe mandimu."

Ndinang'amba mapepala tsiku limenelo osawerenga ngakhale limodzi.

Masabata atatu ndinakhala ndikusankha chilango. Ndinaganiza zothira chitedze pa desiki yake, koma kuyabwa kumatha. Ndinaganiza zomudikira panjira ya kumadzi, koma anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti alire pagulu, pamalo pomwe paja, pamaso pa anthu omwe aja. Ndinkachiona m'mutu pa nthawi ya Misa. Ndinkachiona pothyola nkhuni. Njala ya chaka chimenecho inali yoopsa, koma ine ndimakumbukira kuti chimene chinkandiwotcha m'mimba sichinali njala.

Njira inabwera yokha. Chaka chimenecho akuluakulu ankalankhula monong'ona. Kunkamveka kuti pali makalata otsutsa boma amene akulowa m'dziko kudzera m'makina a pa waya wa foni, anthu n'kumapatsirana mobisa. Tinamva kuti mphunzitsi wina wa ku Balaka anamutenga atamupeza ndi kalata yotere m'chikwama, ndipo mkazi wake sankadziwa kumene ali. Mayi anali ndi lamulo pa benchi yawo: nkhani ikhale ya nsomba ndi ya mvula basi. Lamulolo linali ndi chifukwa chake. Masana aliwonse pa benchipo pankakhala Che Bwanali, mkulu wa anyamata a malaya ofiira amene ankaima pa chipata cha msika kufunsa makhadi a chipani. Ankasankha mlamba waukulu n'kuyamba kudya kumutu. Palibe ankamupatsa, palibe ankamukaniza.

Sitefano, amene ankandilankhulabe tikakhala awiri, anandiuza kuti Che Rajabu atumiza uthenga kuti makina agulidwa, ndipo lole ifika Lachinayi. Lolemba lake ndinadikira basi ya ku Mangochi iime, mayi athamangire kumazenera ndi lichero. Ndinasendera pafupi.

"Che Bwanali, ndifunse nawo. Kodi makina olankhula ndi anthu a kunja ndi ololedwa?"

Anasiya kutafuna.

"Wawaona kuti?"

"Iyayi, sindinawaone. Ndi Twaibu wa Che Amidu amene akunena. Akuti mjomba wake akubwera nawo. Akuti ali ndi kabowo ka waya wa foni, munthu ukadina batani umalankhula ndi a ku Joni, mpaka ku Ulaya."

"Akubwera liti?"

"Lachinayi masana. Lole yobiriwira, yothyoka galasi la kumanzere. Kabokosi kake n'kakuda, timabowo titatu kumbuyo."

Anapukuta zala pa pepala, anandiyang'ana, n'kunena kuti ndine mwana wabwino. Ndiyenera kulemba izi momveka. Zonse zimene ndinanena zinali zoona. Twaibu ankanenadi zimenezo. Lole inalidi yobiriwira. Sindinapeke liwu ngakhale limodzi. Ndinangosiya kunena kuti ine ndemwe ndinayeza ndi kaudzu, ndipo ndinkadziwa kuti kabowoko si ka foni. Za Che Rajabu, kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti sindinawaganizire. Si zoona. Ndinawaganizira, ndinakumbukira manja awiri aja, ndipo ndinawaika pambali monga munthu amaikira pambali minga ya nsomba.

Lachinayi kunatentha kwambiri, kutentha kwa Okutobala kumene phula limamata ku mapazi. Pofika ola lachiwiri masana ana anali atadzaza kale kutsogolo kwa holo, ambiri atanyamula zogwirira zawo za makatoni. Ine ndinakwera pa chulu tsidya lina la msewu, nditagula nzimbe yaitali. Ndinasankha malowo dzulo lake. Pamenepo ndinkaona khomo la holo, mtengo wa masau, ndi khoma lokhala ndi nsomba ya ndevu.

Lole inafika itangokwana folo koloko. Che Rajabu anatsika, fumbi lili mbuu m'nsidze, n'kutulutsa katoni yokulungidwa m'bulangeti. Anaikweza pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri, akuvina pang'onopang'ono, ana akukuwa momuzungulira. Twaibu anali patsogolo akukankha anzake kuti apereke njira. Che Rajabu anali asanafike pakhomo pamene anyamata asanu ndi mmodzi a malaya ofiira anatulukira kuseri kwa msika.

"Ikani pansi katunduyo," anatero Che Bwanali.

Che Rajabu anaseka. "Achimwene, ndi gemu ya ana iyi. Bwerani muone nawo, mwina mungawine."

Che Bwanali anatembenukira kwa ana.

"Ana inu, makina amenewa amalankhula ndi anthu a kunja?"

Ndipo ang'onoang'ono aja, amene kwa miyezi isanu anaphunzitsidwa yankho limeneli pansi pa masau, anakuwa onse pamodzi mokondwa ngati ali m'kalasi:

"Eee! Mpaka ku Ulaya!"

Mbama yoyamba inagwera Che Rajabu pa khutu la kumanzere. Ndinaimva ndili pachulu. Kofia ya Che Rajabu inagubuduka mpaka mu ngalande. Anawakhazika pansi m'fumbi, anawavula nsapato, n'kuwamenyanso kawiri pamalo pomwepo. Che Amidu anatuluka akuchonderera m'Chiyao ndi m'Chichewa, koma anangowakankha. Twaibu anakakamira katoni ija, ndipo atamuchotsa anakakamira mwendo wa mjomba wake. Analira mokweza, pakamwa pali yasa, mamina akutsika, pamaso pa gulu lonse lija, mamita ochepa kuchokera pamene anandinunkhizira pepala.

Ndinakondwa. Ndikanakonda kulemba kuti mtima unandigunda, koma sunandigunde. Ndinakhala pachulupo mpaka galimoto inabwera kudzawatenga, ndipo nzimbe ija ndinaitafuna mpaka mfundo yomaliza. Sindinadyeponso nzimbe yokoma chotero.

Holo inatsekedwa. Lole inakhala panjapo masiku awiri, kenako kampani inatumiza dalaivala wina. Kusukulu Twaibu sanabwere. Palibe ananditchula Kamlamba sabata imeneyo, chifukwa aliyense anali ndi mantha ake.

Patapita masiku asanu, m'mawa, Che Amidu anafika kwathu ndi Twaibu. Anavula nsapato, anakhala pamphasa, ndipo anatenga nthawi yaitali pa moni. Kenako anafotokoza. Kwabwera bwana wina wochokera kuboma kudzaona makinawo. Wanena kuti ngati pali munthu wosonyeza kuti ndi choseweretsa, nkhani ikhoza kutha. Aphunzitsi awiri anakana, wina anati maso akumuvuta. Ana onse anali atakuwa kale kuti makina amalankhula.

"Koma akuti mwana wanu yekha ndiye ankatsutsa, amake Bene. Akuti anachita kuyeza. Mwana wanu yekha ndiye ankanena zoona. Tibwerekeni, akanene zomwezo."

Mayi anachita mantha. Koma anati mnansi akapsa ndevu umamuzimira, ndipo ndipita nawo iwo ali pambali panga. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandionetsa bwino mmene ndinalili. Ndinati ndipita, koma Twaibu ayambe wandibwezera pepala langa, akafufute nsomba ija pakhoma, ndiponso agwade apepese kwa mayi.

"Apepese chiyani?" anafunsa mayi.

Ndinafotokoza zonse, za kununkhiza, za Loweruka lija, za chimfine. Mayi anayang'ana zikhatho zawo. Che Amidu sanafunse mwana wawo ngati zinali zoona.

"Gwada," anatero.

Twaibu anagwada pa dothi la pakhomo pathu. Anatulutsa pepala lija, litafewa ndi thukuta, n'kulipereka ndi manja awiri. Mawu ake opepesa sankamveka bwino, ndipo ine ndinati abwereze. Anabwereza. Ndikuyenda kupita ku ofesi ya chipani m'mawa umenewo, ndinkadziona ngati munthu amene Mulungu wamukonzera zonse. Mdani wanga analira, anagwada, ndipo tsopano ndinkapita kukatamandidwa chifukwa chopulumutsa mjomba wake.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi, tebulo, mabenchi awiri ndi chithunzi pakhoma. Bwana wa kuboma anali munthu woonda wovala malaya oyera, wooneka wotopa. Che Bwanali anaima pafupi ndi zenera. Patebulo panali makina aja. Aka kanali koyamba kuwaona, ndipo anali atafa kale. Anali atawatsegula ndi tchizulo pofunafuna wailesi ya m'kati. Chivundikiro chakuda chinali chitasweka patatu, kabolodi kobiriwira ka m'kati katathyoka pakati, zogwirira atazidula mawaya. Anali aang'ono kuposa mmene tinkaganizira. Sitefano akanakhumudwa, munalibe poika petulo.

Pambali panali kabuku kamene kanabwera m'katoni. Palibe anali atakatsegula. Bwanayo anandikankhira.

"Akuti ndiwe katswiri. Tiuze za kabowo aka."

Ndinapeza tsamba lake mosavuta. Chithunzi chinali chomwe chija, koma chathunthu. Ndinawerenga mokweza, n'kumasulira. Kabowo kachitatu kanali ka zomvera za m'makutu, kuti mwana azisewera osasokosera makolo. Ndinali wolondola kuyambira pachiyambi.

Bwanayo anatenga kabukuko, anawerenga yekha, n'kupuma mozama.

"Ndiye mwandiyendetsa ulendo wonsewu, mwasunga munthu masiku asanu, chifukwa cha chidole? Bwanali, anakuuzani ndani zimenezi?"

Che Bwanali anali munthu wodziwa kudzipulumutsa. Sanazengereze. Analoza ndi chibwano.

"Mwana yemweyu, bwana. Lolemba, pa benchi ya amake. Anandiuza tsiku, mtundu wa lole, ngakhale galasi lothyoka."

Twaibu anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Che Amidu sanandiyang'ane konse. Anayang'ana mayi, nthawi yaitali, kenako anaimirira, anati, "Sikomo, amake Bene," n'kutuluka atagwira mwana wawo paphewa.

Mayi sanandimenye. Ndinkayembekezera ndodo, ndipo ndikanailandira mosangalala. Anayenda patsogolo, ine pambuyo, kudutsa msika wonse. Titafika pa benchi anayamba kuyala nsomba, ndipo analankhula osandiyang'ana.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikununkha nsomba, sindinachitepo manyazi. Lero ndiye ndachita."

Zotsatira zake ndizilemba mwachidule. Che Rajabu anatuluka patapita masiku asanu ndi anayi, chifukwa kalata yowatulutsa inachedwa. Khutu la kumanzere silinamvenso. Kampani inawachotsa ntchito, inati sikufuna dalaivala wodziwika ku ofesi za chipani. Holo inatsegulidwanso, koma makina ena sanabwere, ndipo mwa ife tonse amene tinakangana pansi pa masau palibe anaonapo gemu ija ikuyaka. Nkhani inafala msika wonse tsiku lomwelo. Anthu anasiya kukhala pa benchi ya mayi. Ogula ankatenga nsomba ataimirira, osalankhula, ena n'kumapita kwa mayi wa pafupi. Pofika Khirisimasi tinasamukira ku Nkaya, kukagulitsa m'mazenera a sitima. Miyezi iwiri yomaliza ku Liwonde palibe ananditchanso Kamlamba. Palibenso ananditcha Bene. Ndikafika pagulu, nkhani inkatha, anthu n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Che Rajabu ndinakumana nawonso kamodzi. Ndinali nditayamba kale ntchito ya utolankhani, ndipo anandituma ku Chikweo kukalemba za alimi a thonje. Ndinawapeza pamsika, atakalamba, akugulitsa zipangizo za njinga pa tebulo la nsungwi. Ndinadzitchula dzina, ndi la mayi. Anagwedeza mutu kuti akundikumbukira. Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndinawakonza kwa zaka zambiri, ndipo ndinalankhula nthawi ndithu asanandidule.

"Zungulira mbali iyi. Uko ukulankhula ndi khoma."

Ndinazungulira, ndinayambiranso. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga anachitira tsiku loyamba lija m'holo. Sanaseke.

"Twaibu ndiye anakulakwira?"

"Eya."

"Mbama zinagwera ine."

"Eya, Che Rajabu. N'chifukwa chake ndikupempha mundikhululukire."

"Kukhululuka ndi kwa Mulungu, mwanangu. Ine ndimagulitsa masipoko. Ukufuna angati?"

Ndinalibe njinga. Ndinachoka, iwo akuyankha kasitomala wina.

Anthu amaganiza kuti wobwezera amagwiritsa ntchito bodza. Ine ndinabwezera ndi zoona zokhazokha, zosankhidwa bwino, chimodzi ndikuchisiya m'thumba. Ndipo mkwiyo wanga sunali wopanda chifukwa. Zimene Twaibu anachitira mayi zinali zoipa, mpaka lero ndikazikumbukira nsagwada zimalimba. Koma ndinatenga mkwiyo wa mwana n'kuupereka kwa anthu amene anali ndi mphamvu zomanga munthu, ndipo iwo sanafunse kuti ndikufuna ugwere ndani.

Pa ntchito yanga anthu amabwera kawirikawiri ndi nkhani za anzawo. Amene amabwera akukuwa, nkhani ili balalabalala, sindiwaopa. Ndimaopa amene amakhala pansi modekha, n'kundipatsa tsiku, ola, mtundu wa galimoto, chilichonse choona ndikachifufuza. Ameneyo ndimamulola amalize, ndimatseka kope, kenako ndimamufunsa kuti munthuyo anamulakwira chiyani, ndiponso ndani wina amene adzaime pafupi naye tsiku limene nkhaniyi idzatuluke.